Kupita kunyanja ndi m'bale wovutika kuyenda: mmene mungakonzere ulendo

Mayi anga anakulira m'mbali mwa nyanja, koma atadwala sitiroko anatha zaka zitatu osaiona, chonsecho kuchoka pa Salima boma kukafika ku Senga Bay ndi makilomita pafupifupi 20 okha. Ife tikamanyamuka ndi ana, iwo ankangoti, "Pitani ana anga, ine ndisunga pakhomo." Tinkavomera msanga chifukwa kutero kunkatipepukira. Tsiku lina mdzukulu wawo anabwera ndi mchenga m'botolo kuti agogo aone. Anauthira m'dzanja lawo logwira lija n'kukhala nawo chete kwa nthawi yaitali. Apo m'pamene ndinazindikira kuti mawu aja sankachokera pansi pa mtima, ankangoopa kutilemetsa.

Kuchokera tsiku limenelo tayenda nawo kangapo, ku Senga Bay, kumalo osungira nyama zakutchire a Kuti, mpaka ku Nkhotakota. Zomwe ndikulemba pano ndi zomwe ndaphunzira m'maulendowo, zina nditalakwitsa kaye. Zingathandize amene muli ndi m'bale woyendera ndodo kapena njinga ya olumala, ngakhalenso gogo wa nyamakazi amene amayenda ndithu koma amatopa msanga.

Yambani ndi mwini wake

Musathamangire kufunsa mtengo wa galimoto. Khalani pansi ndi mwini wakeyo, awiriwiri, osati pagulu. Akuluakulu athu sanena zowawa zawo pamaso pa apongozi ndi zidzukulu. Afunseni zomwe akufuna kukaona, nthawi yomwe angathe kukhala pampando msana usanayambe kuwawa, mtunda womwe angayende osapumula, ndi kuti amapita kangati kukataya madzi. Kenaka funsani funso lomwe ambiri timalidumpha chifukwa cha manyazi: akufuna ndani aziwathandiza kuchimbudzi ndi posamba? Mayi sangalole mkamwini, bambo sangamasuke ndi mwana wawo wamkazi. Yankho la funsoli ndilo limasankha amene ayenera kukhala paulendowo, ndipo munthu ameneyo mpando wake m'galimoto sukambirana.

Ife tinali titakonza kale zambiri m'mutu, boti lopita ku chilumba cha Namalenje, kugona masiku awiri, zonse. Nditawafunsa amayi anati, "Ine ndikufuna ndiviike mapazi m'madzi, ndidye chambo chootcha, basi." Za boti zinathera pomwepo, ndipo ulendo wonse tinaumanga pa zinthu ziwirizo.

Kukatsala sabata imodzi, pitani nawo kuchipatala akayezedwe BP kapena shuga, ndipo muwauze adokotala za ulendowo. Tengani mankhwala okwanira masiku onse n'kuonjezerapo a masiku awiri, chifukwa galimoto imafa, mvula imadula njira. Buku la kuchipatala liikeni m'chikwama chogwira m'manja pamodzi ndi mankhwalawo, osati kubuti pansi pa katundu.

Sankhani tsiku mosatengeka ndi gulu

Anthu ambiri akafuna kusangalatsa mayi awo amaganiza za Tsiku la Anakubala, pa 15 Okutobala. Maganizowo ndi abwino, koma kwa munthu wovutika kuyenda tsikuli ndi lovuta kuposa ena onse. Ku Senga Bay kumadzaza anthu ochokera ku Lilongwe ndi kwina, galimoto mumaimika kutali ndi madzi, pachimbudzi pamakhala mzere, mithunzi yonse ena akhalapo kale, ndiponso Okutobala ndi Novembala ndi miyezi yomwe dzuwa la ku Salima limaswa mtengo. Khirisimasi, Nyuwere ndi Pasaka n'chimodzimodzi pa nkhani ya kuchuluka kwa anthu. Ngati mukufuna kulemekeza tsiku la amayi, aphikireni bwino kunyumba, kunyanja mupite nawo tsiku lina la pakati pa sabata, Lachiwiri kapena Lachitatu.

Kwa ine miyezi yabwino ndi Meyi, mvula itangotha, ndi kumayambiriro kwa Seputembala kusanatenthe. Mu Juni ndi Julayi kumaomba mwera, nyanja imachita mafunde ndipo mphepo yake imalowa m'mafupa a nkhalamba. Mukapita nthawi imeneyo musaiwale juzi ndi bulangeti lopepuka. M'dzinja misewu yafumbi yolowera m'malo ambiri imasanduka matope, ndipo njinga ya olumala m'matope siyenda.

Nyamukani m'mamawa kuti pofika 9 koloko mukhale mutakhazikika kale pamthunzi.

Malo amodzi pa tsiku

Apa m'pomwe mabanja ambiri amalephera. Poti talipira galimoto, timafuna tione zonse tsiku limodzi. Koma chomwe chimatopetsa m'bale wanu si mtunda, ndi kutsika ndi kukwera galimoto. Kutsika kulikonse kumadya mphamvu zomwe inu simukuziona. Sankhani malo aakulu amodzi, ena muwaonere pawindo.

Kwa amene akufuna nyanja, Senga Bay ili pafupi ndipo msewu wake ndi wa tala. Funani malo omwe ali ndi kapinga kapena khonde loyang'ana kunyanja, komwe galimoto imafika pafupi. Kwa amene akufuna nyama, ine ndimalimbikitsa Kuti, yomwe ili kufupi ndi Salima boma. Malo ake ndi achidikha, mulibe mikango kapena njovu, ndipo mbidzi, nswala, ngoma ndi mphalapala mutha kuziona muli m'galimoto yanu yomwe. Munthu wosatha kuyenda amaona zofanana ndi wina aliyense, palibe wotsalira. Yendani pang'onopang'ono, muzizimitsa injini, kuona maso a nkhono n'kudekha.

Nkhalango ya Nkhotakota ndi nkhani ina. Ndi yaikulu, masikweya kilomita pafupifupi 1,800, ndipo kuyambira 2015 ikuyendetsedwa ndi bungwe la African Parks mogwirizana ndi boma. Mu 2016 ndi 2017 anasamutsirako njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete. N'kokongola, makamaka m'mbali mwa mtsinje wa Bua, koma n'kwa zitunda, mitengo ndi yothithikana, misewu ndi yogwedeza. Munthu wa msana kapena wa chiuno musamuyendetse m'menemo maola ambiri. Mulinso ntchentche za kashembe zomwe zimafalitsa kaodzera. Zimakopeka ndi zovala zakuda ndi zabuluu, ndiye valani zowala za manja aatali, ndipo muzikumbukira kuti munthu wofa dzanja sangathe kuziingitsa yekha.

Pa Nkhotakota boma pali mtengo wa mkuyu womwe David Livingstone anakumanirapo ndi Jumbe mu 1863, ndipo akuluakulu okonda mbiri amasangalala nawo. Popita pa msewu wa M5 mumadutsa pa Chia, pomwe mutha kuima n'kugula nsomba osatsika m'galimoto. Kuchoka ku Salima kukafika ku Nkhotakota ndi makilomita oposa 100, ndiye ulendo umenewu ngwogona, osati wobwerera tsiku lomwelo.

Imbani foni, ndipo musakhutire ndi "palibe vuto"

Nthawi ina ndinaimbira malo ena ogona alendo n'kufunsa ngati munthu wa njinga ya olumala angafike. Anandiyankha mwaulemu kuti palibe vuto. Titafika tinapeza masitepe asanu olowera kuchipinda, chitseko cha kubafa chopapatiza moti njinga sinalowe, ndipo kodyera kunali kuseri kwa mchenga wakuya. Sindikuti ananama. Munthu woyenda ndi miyendo iwiri saona masitepe, amangokwera. Vuto linali funso langa.

Tsopano ndimafunsa zinthu zoti munthu aziwerenge kapena aziyeze. Kuchoka poimika galimoto kukafika kuchipinda pali masitepe angati? Njirayo ndi ya simenti, ya miyala, ya kapinga kapena ya mchenga? Chimbudzi ndi chokhalira kapena chonjuta, ndipo chili kutali bwanji ndi pomwe tidzakhale? Kubafa munthu amalowa osadumpha kakhoma? Bedi ndi lalitali kufika pati? Magetsi akazima amayatsa jenereta? Mukatero apempheni akutumizireni zithunzi pa WhatsApp, kapena ayende ndi foni akujambula kuchoka pageti mpaka kuchimbudzi. Ambiri amachita mosavuta mukawapempha bwino.

Njinga zambiri za akuluakulu m'lifupi mwake zimakhala masentimita 60 mpaka 70, ndipo kuti zilowe bwino chitseko chimafunika cha masentimita pafupifupi 80. Yezani yanu. Ngati mulibe tepi, dulani chingwe chofanana ndi m'lifupi mwa njingayo muziyenda nacho m'thumba. Malo akakhala pafupi ngati Senga Bay, pitaniko nokha pa minibasi kudakali masiku, mukayende njira yonse ndi chingwe chija ngati kuti mukukankha njinga. Ndalama ya thiransipoti imeneyo sipita pachabe. Safunsa anadya phula.

Funsaninso mtengo wolowera wa tsikulo, ngati pali kuchotsera kwa munthu waulumali kapena womuthandiza, ndiponso ngati amalandira Airtel Money kapena Mpamba. Dzina la amene mwalankhula naye mulilembe, chifukwa pageti mudzapeza wina.

Galimoto

Za kabaza wa njinga yamoto iwalani, ndi minibasi yodzaza anayianayi nayonso. Sonkherani monga banja muchite hayala. Galimoto yabwino si yaikulu kapena yodula, koma yomwe mpando wake uli pafupifupi mulingo umodzi ndi mpando wa njinga. Ma Sienta omwe ali mbwee m'misewu yathu amathandiza pa ichi: ndi otsika, chitseko chake n'chotsetsereka ndipo chimatseguka kwambiri, kumbuyo njinga yopinda imalowa. Magalimoto aatali aja amafunika m'nkhalango, koma kukweza munthu wofa mwendo m'menemo ndi ntchito ya anthu awiri amphamvu.

Gwirizanani ndi adalaivala musananyamuke kuti mudzaima ola lililonse kapena ola ndi theka, kuti sadzathamanga pa mabampu ndi m'maenje, ndiponso kuti sadzakwezapo anthu ena panjira. Akavomera zimenezi mtengo usanatsekedwe, sipakhala kung'ung'udza panjira.

Pokwera, m'bale wanuyo ayambe wakhala pampando chafutambuyo, kenaka mulowetse miyendo umodziumodzi. Kayesereni kunyumba dzulo lake, m'galimoto yomweyo ngati n'kotheka. N'zochititsa manyazi kwa munthu wamkulu kuti ana ake aziphunzira kumunyamula anthu akuonerera.

Zonyamula

Kupatula mankhwala, chinthu chomwe chatithandiza kwambiri ndi mpando wapulasitiki wokhala ndi mogwira. Umakhala wopumirapo panjira, wosambirapo kubafa, wokhalapo m'mphepete mwa madzi. Ngati komwe mukupita zimbudzi n'zonjuta, pezani mpando wina wobooledwa pakati ndi ndowa yokhala ndi chivindikiro; akalipentala a kwathu kuno amaupanga. Zitenje zitatu kapena zinayi zimakhala chotchinga, chofunda ndi chopukutira. Onjezerani pilo wokhalira, zovala zosinthira, matewera a akuluakulu ngati amagwiritsa ntchito, sopo, tochi, ambulera, chipewa ndi madzi akumwa ambiri. Mukagona, neti yanuyanu, chifukwa kunyanja udzudzu susowa ndipo neti ya eni malo itha kukhala yobooka.

Njinga muipititse kwa okonza njinga pa Kamuzu Road ku Salima akaone mabuleki, amange mabawuti, apope matayala. Tengani pampu ndi zomatira chubu, kutchire kuli minga. Ndodo nayo muione mphira ya kunsi; ikatha imaterera pa simenti yonyowa. Ngati m'bale wanu alibe njinga koma amatopa msanga, bwerekani ya tsiku limenelo. Funsani kuchipatala cha boma kwa omwe amaphunzitsa odwala mafizo, kapena ku bungwe la MAP lomwe limathandiza anthu aulumali ndi zipangizo zoyendera. Ena amakana poyamba, amati "ine sindine wolumala". Musalimbane nawo. Ingoikani njingayo m'galimoto, nthawi yotopa ikafika aifunsa okha.

Kugwira munthu osamupweteka

Musanagwire, nenani. "Amayi, ndikufuna ndikudzutseni, mwakonzeka?" Munthu wonyamulidwa modzidzimutsa amaumitsa thupi, ndipo m'pamene nonse mumagwa. Mabuleki a njinga amangidwe nthawi iliyonse pokwera ndi potsika, zopondera mapazi zichotsedwe panjira. Musakoke munthu ndi mikono, makamaka mkono wofa uja, chifukwa phewa lake ndi lofooka ndipo limaguluka mosavuta. Mugwireni m'chiuno kapena m'nthiti, inu mutapinda mawondo osati msana.

Wa ndodo aigwire kudzanja la mbali yamphamvu. Pokwera masitepe mwendo wamphamvu utsogole, potsika utsogole wofooka. Wothandiza aime kumunsi nthawi zonse.

Pamchenga musakankhe njinga chakutsogolo, timatayala tating'ono tija timazama ndipo munthu amatha kugwera kutsogolo. Ipendekeni itsamire pa matayala aakulu, muikoke chambuyo. Potsika sitepe kapena potsetsereka kwambiri, chambuyonso. Pakafunika kuinyamula, anthu awiri kapena atatu agwire zitsulo za thunthu lake, osati zoikapo manja kapena zopondera, chifukwa zimenezo zimazuka. Kunyanja anyamata ofuna kuthandiza sasowa, ndipo mtima wawo ndi wabwino, koma mmodzi wa inu ndiye azilamula kuti gwirani apa, kwezani tsopano.

Ife amayi sitinawatengere kumadzi pa njinga. Tinawakhazika pampando wapulasitiki uja pamalire a kapinga, achimwene ndi mlamu wanga n'kuunyamula pang'onopang'ono mpaka pomwe mafunde amathera. Miyendo ya mpando imazama mumchenga wonyowa, choncho wina aime kumbuyo atagwira nthawi yonse. Sankhani gombe loyera la mchenga, kutali ndi bango ndi mathiriro a mitsinje, komwe kumakhala ng'ona, mvuu ndi nkhono za likodzo. Funsani eni dera musanatsike.

Dzuwa, madzi akumwa ndi khungu

Pali chinthu chomwe akuluakulu amachita mwakachetechete: amasiya kumwa madzi kuti asavutitse anthu ndi za kuchimbudzi. Pa kutentha kwa kunyanja zimenezi n'zoopsa, munthu amayamba chizungulire ndi kusokonezeka mutu. Njira yake si kuwakalipira. Muziwaperekeza kuchimbudzi pa nthawi yoikika, maola awiri aliwonse, osadikira kuti apemphe, ndipo akaona kuti zimenezo zakonzedwa kale amamwa momasuka. Amene amamwa mankhwala okodzetsa mufunsiretu kuchipatala nthawi yabwino yomwera tsiku la ulendo, musasinthe nokha.

Wa shuga adye pa nthawi yake ya masiku onse. M'malesitilanti a kunyanja chakudya chimachedwa, ndiye itanitsani mukangofika ndipo mukhale ndi nthochi kapena mabisiketi m'chikwama. Insulini isakhale m'galimoto yotsekedwa padzuwa, iikeni m'kabokosi kozizira koma isakhudzane ndi ayezi. Mapazi a munthu wa shuga kapena wa sitiroko nthawi zina samva kutentha, moti mchenga wa masana ungawawotche iye osadziwa. Avale nsapato mpaka m'madzi. Chimodzimodzi ku akasupe otentha a Mawira ku Nkhotakota: phazi losamva lisaviikidwe m'menemo.

Munthu wokhala pa njinga tsiku lonse amayamba zilonda m'matako ndi m'zidendene. Muzimuthandiza kusuntha kapena kudzuka pang'ono pafupipafupi, ndipo masana agoneko chammbali pamkeka kapena pabedi kwa ola limodzi. Chovala chonyowa chisinthidwe msanga.

Dziwiranitu chipatala chomwe chili pafupi. Ku Salima ndi ku Nkhotakota kuli zipatala za boma, ndipo ku Nkhotakota kulinso cha mishoni cha St Anne's. Galimoto isachoke kukachita zina. Adalaivala akhale pomwepo, mafuta alimo.

Asakhale mlonda wa zikwama

Cholakwa china chomwe ndinachiona pa ife tomwe n'chakuti titawafikitsa amayi pamthunzi, tonse tinathamangira m'madzi n'kuwasiyira mafoni ndi nsapato. Anabwera kunyanja kudzasunganso pakhomo. Tsopano timasinthana, pamakhala wina wocheza nawo nthawi zonse, ndipo si munthu mmodzi yekha tsiku lonse. M'mabanja ambiri ntchito yosamala odwala imagwera mwana wamkazi mmodzi. Tsiku limeneli nayenso asambe m'nyanja. Ana auzeni azisewera pafupi ndi agogo, aziwabweretsera zigoba za nkhono, chakudya tidyere pomwe ali iwo. Ogulitsa ndi operekera zakudya akamafunsa inu kuti "adya chiyani?", muziwauza kuti afunse eni ake.

  

Pobwerera

Nyamukani m'bale wanu asanatheretu mphamvu. Akayamba kukhala chete, kutsamira mbali imodzi kapena kuyankha mwachidule, nthawi yakwana, ngakhale ana akulira kuti tikhalebe. Fikani kunyumba kusanade, chifukwa kutsitsa munthu m'galimoto mumdima n'kovuta. Usikuwo amene amawasambitsa aone khungu la kumsana, m'matako ndi m'mapazi. Malo ofiira kapena akuda kuposa ena omwe sakubwerera mwakale asagonerepo, ndipo akapitirira pitani kuchipatala. Mawa lake likhale lopuma, musaitane alendo. Pakatha masiku angapo thupi likatentha, kayezetseni malungo tsiku lomwelo, ndipo ngati munali m'nkhalango ya Nkhotakota muwauze adokotala zimenezo.

Pakapita masiku awiri afunseni chomwe chinawavuta, mulembe kuti ulendo wina mudzakonze. Amayi anandiuza kuti pilo anali wopyapyala ndipo chambo chinali chochepa mchere. Kenaka anafunsa ngati mwezi wa mawa tingadzapite ku Chipoka, komwe anali ndi anzawo a pa utsikana.